Tisunge mbiri ya makanema aang'ono

A Mkonzi,

Ambiri timakumbukira kuti TVM, nyumba ya kanema ya boma, inayamba kuwulutsa mapologalamu mu 1999, mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, koma za nyumba zing'onozing'ono za kanema zimene zinabwera pambuyo pake, monga Luntha TV ya ku Balaka imene inakhazikitsidwa ndi ansembe a Montfort, sindiona wolemba.

Makanema oterewa ankawulutsa ndi makina a mphamvu zochepa, ndipo chithunzi sichinkafika patali. Kuno ku Kawale tinkamangirira eriyo pansungwi yaitali, mwana n'kumaitembenuza panja, ife m'nyumba tikufuula kuti "pomwepo!" mpaka mchenga wa pagalasi utachepa. Dziko litayamba kusamukira ku dijito cha m'ma 2015, dekoda ya Kiliye Kiliye inachepetsa vutoli, koma matepi akale a makwaya, maukwati ndi maliro a mafumu, amene ndikuwaona ngati chuma chenicheni cha makanemawa, ndikuopa kuti akungodyedwa ndi chinyezi m'makatoni.

Ndikupempha bungwe la MACRA, limene limapereka ziphaso kwa nyumba za wailesi ndi kanema, kuti ligwirizane ndi nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba posonkhanitsa matepiwa ndi kufunsa amene anayambitsa makanemawa akadali moyo.

Wowerenga wanu,
Kawale, Lilongwe