Kwa makasitomala athu: tasiya zotenga peresenti pa perekani-perekani

Makasitomala athu nonse, matcheyamani a makomiti a ukwati, ankhoswe, amayi a ma bridal shower ndi nonse amene munatiitanapo kuti tidzakugwirireni maiki,

Tikhulupirira muli bwino kumene muliko. Kalatayi yatalikirapo nde muiwerenge mutakhala pansi, tikudziwa ena muwerenga mzere woyamba okha kenako muyimbe foni kufunsa zomwe talemba kale mmunsimu, palibe vuto tiyankhabe.

Nkhani ndi iyi. Kuyambira pa 1 mwezi wamawa MC wathu sazitenganso peresenti pa ndalama za perekani-perekani. Tizigwirizana mtengo umodzi tsiku la mwambo lisanafike, tilembe, musayine tisayine, ndipo chilichonse chogwa mulichero ndi cha mkwati ndi mkwatibwi. Pa tebulo la ma cashier sitizikhalaponso, kuwerenga ndi kwanu ndi komiti yanu.

Ambiri mukudziwa mmene timachitira. MC amatenga 10 peresenti ya zomwe zatoleredwa, ndiye perekani ikakwana K2,000,000 iye amapita ndi K200,000, ikathera pa K600,000 amapita ndi K60,000 ngakhale kuti wayima maola omwewo, wakuwa chimodzimodzi, mawu asasa chimodzimodzi. Poyamba zinkaoneka zabwino kwa tonse chifukwa komiti simafunika kupeza ndalama ya MC pasadakhale, ndipo inu mumati munthuyu alimbikira poti akudziwa kuti akudzigwirira yekha. Zoona amalimbikira. Koma kulimbikira kwake nkomwe kwatifikitsa pano.

Amene munakhalapo pa ukwati kuno ku Lilongwe mukudziwa zomwe tikunena. MC wayitana akuchimuna, wayitana akuchikazi, anzake a mkwati akuntchito, a kwaya, a mlaga, kenako magulu enieni atha koma iye akuonabe kuti lichero silinadzadze nde ayamba zopeka, onse ovala zofiira bwerani, onse obadwa Lolemba, onse okhala ku Area 25, onse amene ali ndi foni ya batani. Azakhali omwewo adzuka kachisanu, ma K100 amene anasinthitsa atha, angovina manja ali mmwamba mwamanyazi. Nthawi yodula keke ikamafika theka la holo lapita kale kukasaka minibasi kusanade, ndipo mawu a makolo amene anthu anayendera mtunda kudzamva aperekedwa mphindi ziwiri basi. Ife tomwe tachitapo zimenezi, sitikunamizira ena ayi. Munthu ukadziwa kuti pa K1,000 iliyonse yogwa pansi K100 ndi yako, maiki sumafuna kuyisiya.

Chinatikhumudwitsa kwambiri ndi zowerengera usiku. Pa ukwati wina, sititchula malo, mwambo unatha bwinobwino anthu anasangalala, kenako tinakhala kuseri ndi ma cashier atatu, ndalama zamakwinya zina zopondedwa ndi nsapato zina zonyowa ndi fanta, magetsi atazima tikuwunikira ndi mafoni, mlonda wa holo akugogoda makiyi pachitseko kuti akufuna atseke. Titamaliza kuwerenga panabuka nkhani ya ndalama zomwe achibale aku Joni anatumiza pa foni mwambo uli mkati akuonera pa Facebook. MC akuti ndine ndinawerenga nambala yotumizira ndalamayo pa maiki katatu, zilowe mu peresenti. Tcheyamani akuti ayi zimenezo sizinagwe mulichero. Mayi ena anali ndi ma envulopu mchikwama akuti awa ndi mphatso osati perekani. Mkwatibwi ali mgalimoto panja ndi velo yake akudikira anthu amalize kukangana za ndalama zake zomwe. Tinachoka pamenepo 10 koloko itadutsa ndipo banja limenelo silinatiyimbirenso, mwina nkutheka amatinena mpaka lero, sitingawadzudzule.

Ndipo nkhani ya foniyi sikutha, ikungokulirakulira. Masiku ano ambiri akuponya kudzera pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki, ena aku South Africa amatumiziratu pa Mukuru sabata isanakwane. Ndalama zimenezo MC saziona ndipo sitikufuna tizikufunsani kuti tionetseni mameseji a mufoni mwanu ngati apolisi.

Tsono poti tikuchoka ku peresenti, tikuuzeni chimene chimapanga mtengo wa MC, kuti mukaona pepala la mitengo lomwe tatumiza limodzi ndi kalatayi musati tangolota manambala.

Chachikulu chomwe anthu saganizira ndi chakuti MC amagulitsa Loweruka. Chaka chili ndi ma Loweruka 52 ndipo munthu mmodzi sangayendetse maukwati awiri tsiku limodzi, amene amayesa amafika mochedwa konse kuwiri. Pa 52 amenewo chotsanipo a January, February ndi March pomwe mvula ili pakati, anthu ali ndi fizi ndi feteleza mmutu, maukwati amachita kusowa. Nyengo ya Lenti mipingo ina simangitsa maukwati, mwezi wa Ramadan abale athu achisilamu nawo amayamba aima. Kenako anthu akakolola, fodya akagulitsidwa, kuyambira cha mu August mpaka December aliyense akufuna tsiku lomwelo ndipo timakana anthu atatu anayi pa Loweruka limodzi. Ndiye ndalama yomwe MC walandira mu October ikuyenera imudyetsenso mu February. Nchifukwa chake pa pepalalo muona kuti mtengo wa miyezi ya mvula ndi wotsika, komanso Lamulungu ndi mkati mwa sabata ndi zotsikirapo kusiyana ndi Loweruka. Abale athu a Seventh Day amene mumachita maukwati Lamulungu, apa mwapindula.

Kenako mtundu wa mwambo. Ukwati ndiye wolemera kwambiri, si maola a pa holo okha ayi, MC amakhala nawo pa mkumano wa komiti kamodzi kapena kawiri, amapita ku rehearsal, amakhala pansi ndi DJ kugwirizana nyimbo yolowera ndi ya gulu lililonse, amaloweza mayina a ankhoswe ndi maudindo a anthu kuti asatchule a gulupu ngati a nyakwawa. Chinkhoswe chimafuna munthu wodziwa mwambo, wodziwa kuti nkhuku ikuperekedwa nthawi yanji ndipo akuyankhula ndani, osati wongodziwa nthabwala. Bridal shower ndi send off timatumiza ma MC athu achizimayi ndipo ntchito yake ndi yochepera pang'ono pa ukwati. Ma birthday a ana sanakhalepo pa peresenti chiyambire poti kulibe perekani, amenewo ndi maola awiri atatu a masewera ndi kuthamangitsana ndi ana a zaka 5, mtengo wake sunasinthe, ngakhale MC amene anachitapo angakuuzeni kuti amabwerako atatopa kuposa ku ukwati kkkk.

Za makampani ndi mabungwe, ma dinner a kumapeto kwa chaka ndi zotero, mtengo wake ndi wokwera ndipo ena mumadabwa. Kumeneko amafuna Chingerezi chosakhumudwa, pulogalamu yosunga mphindi, ndipo salipira tsiku lomwelo, umapereka invoice nkudikira mwezi kapena kuposa, komanso amadula withholding tax yopita ku MRA ndalama isanafike mmanja mwathu. A maofesi chonde muzitipatsa satifiketi ya msonkho mwadulawo osadikira tikutsatireni.

Mtunda nawo. Mkati mwa Lilongwe, kaya ndi Kawale, Likuni, Area 49 kapena Lumbadzi, transipoti ili kale mu mtengo. Kunja kwa mzinda tiziwerengera padera ndipo tizikuonetsani mmene tawerengera. Ukwati wa kunyanja ku Senga Bay ndi makilomita opitirira 100 kupita kokha. Ku Blantyre ndi opitirira 300 ndipo pa M1 pali ma toll gate awiri, Kalinyeke ku Dedza ndi Chingeni, kupita ndi kubwera. Ku Mzuzu ndi kutali kuposa pamenepo, MC amanyamuka Lachisanu nkugona konko chifukwa sitingayike ukwati wanu pa chiswe podalira basi ya mmawa, nde pali malo ogona ndi chakudya. Nthawi zomwe mafuta amasowa tagonapo pa mzere pa filling station Lachinayi usiku kuti Loweruka tikafike, zimenezo sitinakulipiritseni ndipo sitidzakulipiritsani, tangonena kuti mudziwe.

Pali chinanso chomwe chimakweza mtengo wa munthu, ndicho zilankhulo ndi zaka zomwe wagwira. Mkwati wa ku Rumphi mkwatibwi wa ku Mangochi, agogo mbali zonse abwera, pamenepo MC wotha kulonjera mu Chitumbuka nkutembenukira mbali inayo mu Chiyao kenako nkubwerera ku Chichewa amasintha holo yonse, agogo amamva kuti awerengedwa. Anthu otero ndi ochepa ndipo amadziwa mtengo wawo. Nchifukwa chake tayika magulu awiri, ma MC akuluakulu ndi achinyamata amene akubwera kumene. Achinyamatawo si oyipa ayi, onse anayamba ayenda kumbuyo kwa wamkulu nyengo yathunthu akunyamula pulogalamu, koma mtengo wawo ndi wotsika ndipo ngati bajeti yavuta tiuzeni mosabisa tikupatseni mmodzi mwa iwo.

Pa ndalama yomwe mwalipira, magawo awiri mwa atatu amapita kwa MC mwini wake. Lotsalalo ndi la wothandizira amene amathamanga pakati pa MC, DJ ndi akukhitchini, mabatire a maiki, mayunitsi oyimbira komiti, ndi kaofesi kathu. Pa gawo lakelo MC amagulapo yekha zovala, ndipo musaiwale kuti suti imodzi singaoneke pa zithunzi za maukwati anayi otsatana, anthu a pa Facebook amaona. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 nkugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, nsapato, dry cleaning, mafuta zonse zinakwera, koma woponya perekani ambiri akusinthitsabe ma K100 ndi ma K200 omwe aja ngakhale K5,000 inatuluka mu 2022. Ndiye peresenti ija pa maukwati ang'onoang'ono inasiya kukwanira ngakhale transipoti ndi kuchapitsa jekete, pamene pa maukwati a anthu otchuka MC amatenga ndalama yoti ifenso timachita nayo manyazi. Ma MC athu anayamba kukanganirana maukwati a mabwana nkumazemba a kwa Chinsapo, ndipo zimenezo sitinazikonde. Tinaonanso nthawi ya Covid mu 2020 boma litaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100, ntchito inali yomweyo koma lichero lopepuka, ena mwa anzathu anasiyiratu u MC nthawi imeneyo.

Tisakunamizeni kuti aliyense apindula. Ngati ukwati wanu ndi waung'ono ndipo perekani ikuyembekezeka kukhala yochepa, mtengo watsopanowu ukhoza kuposa 10 peresenti yomwe mukanalipira kale. Ngati ndi waukulu mupulumutsa ndalama zambiri ndithu. Ena atifunsa kale kuti nanga MC akalandiriratu sazangoyima ngati mtengo osakoka anthu? Perekani tiziyendetsabe ndi mphamvu zonse, ndi mwambo wathu ndipo tikudziwa mabanja ambiri amadalira yomweyo kubweza ngongole za holo ndi zokongoletsa. Kusiyana kwake nkwakuti magulu oyitana muzilemba ndinu a komiti, tigwirizane kuti perekani itenga nthawi yaitali bwanji, ikakwana tipite ku keke. Mukafuna tikoke kwambiri tiuzeni tikoka, mukafuna za ulemu zachidule tichita zomwezo. MC amene wagona pa ntchito mutiuze Lolemba, sitimutumanso.

Alendo akasangalala nkumufupa MC mwakufuna kwawo, imeneyo ndi yake, koma taletsa zoti iye aziyitanitsa yekha gulu loti limuponyere.

Kalipiridwe kake nkotere. Theka ndi dipoziti yogwirira tsiku, ndipo tsiku silinagwiridwe mpaka dipoziti italowa, zoti "tasungireni tikuuzani" zatipweteka kokwanira. Theka linalo lifike pofika Lachitatu la sabata ya mwambo kuti Loweruka pasakhale zokambirana ndalama. Mtengo wa ukwati ndi wa maola 5 pa holo kuyambira nthawi yomwe yalembedwa pa khadi, osati nthawi yomwe akwati abwera kuchokera kojambulitsa zithunzi, pepani pamenepa tanena mosapsatira chifukwa khadi limati 1 koloko akwati nkulowa 3 koloko. Ola lililonse lopitirira lili ndi mtengo wake pa pepalapo. Mukasintha tsiku kutatsala mwezi kapena kuposa dipoziti imasamukira ku tsiku latsopano ngati tili omasuka. Pakagwa maliro mbanja timasuntha popanda kudula kalikonse, zimenezo sitikambirana nkomwe.

Amene munabuka kale pa dongosolo la peresenti musadandaule, pangano ndi pangano, tidzagwira mmene tinagwirizanirana. Koma ngati mukufuna kusamukira ku mtengo watsopanowu tiuzeni mwezi uno usanathe tikonze pepala lina.

Nambala ndi yomwe ija ya WhatsApp, ofesi ndi pomwe paja. Ndipo a komiti, pulogalamu ndi mayina a oyankhula muzititumizira pofika Lachitatu lomwelo, olembedwa bwino ndi maudindo awo, osati pa kapepala kong'ambidwa mu kope MC ali kale pa siteji.

Zikomo kwambiri,
Ife a timu yanu ya ma MC