Ku America aliyense akuti anatumidwa ndi anthu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za chizolowezi cha andale a ku America choti akangopambana chisankho amayamba kulalikira kuti anthu awatuma, ndiye pasakhale wowaletsa.

Dziko lija silivota kamodzi n'kutha. Pulezidenti amalamula zaka 4, aphungu onse 435 a House of Representatives amavoteredwa zaka 2 zilizonse, pomwe masenata 100 amakhala zaka 6 ndipo salowa onse nthawi imodzi. Motero si zachilendo kuti pulezidenti akhale wa chipani china, nyumba ya malamulo ili m'manja mwa opikisana naye. Barack Obama wa chipani cha Democrat anapambana bwino upulezidenti mu 2008, koma mu 2010 a chipani cha Republican anawonjezera mipando 63 n'kutenga House. Amene anatumidwa ndi anthu pamenepa ndani? Onse awiri, ndipo aliyense anapatsidwa mpando wake ndi mphamvu za mpandowo basi.

Chinyengo chenicheni chinaonekera pa nkhani ya oweruza a khoti lalikulu. Woweruza Antonin Scalia atamwalira mu February 2016, Obama anasankha Merrick Garland kuti alowe m'malo mwake. Mitch McConnell, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa a Republican ku Senate, nyumba ya masenata yomwe imavomereza oweruza osankhidwa ndi pulezidenti, anakana ngakhale kumuitana munthuyo kuti adzafunsidwe mafunso. Chifukwa chake ankati chisankho chayandikira, anthu ayambe alankhula kaye, chonsecho kunali kutatsala miyezi pafupifupi 9. Woweruza wina wa khotilo, Ruth Bader Ginsburg, anamwalira pa 18 September 2020, ndipo pa 26 October Senate yomweyo inali itavomereza kale Amy Coney Barrett kuti alowe m'malo mwake ndi mavoti 52 kwa 48, kutangotsala masiku 8 kuti tsiku lachisankho likwane, mamiliyoni a anthu ataponya kale mavoti awo. Zodikira anthu zija zinathera pati?

A Democrat nawonso asaseke. Iwo amene mu 2016 ankalimbikira kuti mpando wa woweruza usakhale wopanda munthu, mu 2020 ndi amene ankati tidikire chisankho. Obama yemweyo, ali senata mu 2006, anavota kukana kukweza malire a ngongole za boma pomwe George W. Bush ankalamula. Atakhala pa mpando, mu 2011, anayamba kuchenjeza kuti kukana koteroko n'kuseweretsa chuma cha dziko.

Chimene chimandiwawa n'chakuti dzina la ovota limagwiritsidwa ntchito pa zinthu zomwe iwo sanafunsidwe n'komwe. Pa chisankho cha 2014, chomwe chinapatsa McConnell ulamuliro wa Senate, amene anavota sanakwane 4 pa anthu 10 aliwonse oyenera kuvota. Donald Trump, amene anasankha Barrett, anagonja pa mavoti a anthu onse mu 2016 ndi mavoti pafupifupi 3 miliyoni, ngakhale analowa m'boma mwalamulo. Sindikutsutsa kupambana kwa aliyense wa iwo, koma pa ziwerengero zoterezi munthu ayenera kuchita manyazi asananene kuti dziko lonse lili pambuyo pake.

McConnell atafunsidwa mu 2020, anafotokoza kuti kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno Senate ndi pulezidenti anali a chipani chimodzi. Apo ndiye ananena zoona. Anali ndi mavoti okwanira kutsekereza Garland, anali nawonso okwanira kudutsitsa Barrett, ndipo malamulo ankamulola zonse ziwiri. Akanangonena choncho mu 2016, osati kubisala kumbuyo kwa ovota.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu