Lipoti la ulendo wa ku Meetings Africa: nkhani ya masatifiketi ija

Apampando, akomiti ndi mamembala anzanga,

Ndalama imene munasonkha inandifikitsa ku Johannesburg n'kundibweza bwinobwino, zikomo kwambiri. Malisiti onse ali kwa msungichuma. Munandituma ku Meetings Africa, chionetsero cha okonza misonkhano chimene chimachitikira ku Sandton Convention Centre mu February, kuti ndikafufuze satifiketi ya okonza misonkhano ndi zionetsero imene anzathu akunja amaitchula ija, komanso ngati ife ogwira ntchitoyi kuno ku Blantyre tingaipeze.

Mapepala ake alipo angapo, koma awiri ndi amene sankachoka pakamwa pa anthu. Loyamba ndi CMP, kutanthauza Certified Meeting Professional, limene bungwe la Events Industry Council la ku America lakhala likupereka kuyambira 1985. Ili ndi la okonza misonkhano. Lachiwiri ndi CEM, Certified in Exhibition Management, la IAEE, bungwe la okonza zionetsero la ku Dallas, ndipo pepalali linayamba kuperekedwa mu 1975. Ili ndi la zionetsero zamalonda: kujambula pulani ya holo, kugulitsa malo kwa oonetsa katundu, bajeti, chitetezo. Munthu amaphunzira phunziro limodzilimodzi n'kumalemba mayeso ake. Nalo bungwe lina la okonza zionetsero la UFI la ku Paris lili ndi maphunziro ake, koma pamenepo sindikhalitsapo.

Chimene chinanditsegula maso sichinali kabuku ayi, koma mayi wina amene ndinakhala naye patebulo kwa kanthawi kochepa. Pakadi lake, dzina litatha panali zilembo zitatu zija, CMP. Ankafuna malo ochitira msonkhano wa bungwe lawo. Ine ndinatulutsa foni n'kumuonetsa zithunzi zathu zabwino zija, nsalu zoyera, maluwa, mipando yovekedwa. Anayamikira, kenaka anatenga cholembera. Holoyo imalowa anthu angati akakhala pamatebulo ozungulira, nanga akakhala m'mizere? Makomo othawira pangozi alipo angati, ndipo ndi otakata bwanji? Magetsi akathima, jenereta imatenga nthawi yaitali bwanji kuti iyake? Woyenda panjinga ya olumala afika bwanji kutsogolo? Ndinayankha mafunso awiri, enawo ndinalonjeza kuti ndiyankha ndikafika kumudzi. Mumtima ndinakumbukira za chaka chatha, pomwe tinalumikiza mafiriji anayi pachingwe chimodzi, magetsi n'kuthima mlendo wolemekezeka ali pakati poyankhula. Amene munalipo mukukumbukira mmene tinathamangira ndi matochi a pafoni. Zinthu ngati zimenezi ndi zimene maphunzirowa amatsindika, ndipo ife timaziphunzira zitatigwera kale.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mayeso a CMP amalembedwa pakompyuta, m'Chingerezi, mafunso 165 osankha yankho, kwa maola atatu ndi theka. Koma asanakulole kulemba, uyenera kuonetsa kuti wagwira ntchitoyi miyezi 36 ndipo wachita maphunziro okhudza ntchitoyi a maola 25. Ukakhoza, pepalalo umalikonzanso zaka zisanu zilizonse. Miyezi 36 si vuto kwa ife. Ena muno mwamanga matenti ndi kukonza maholo zaka zoposa khumi. Vuto ndi umboni. Ntchito zathu zambiri timagwirizana pafoni kapena pa WhatsApp, ndalama timalandira pamanja, kontrakiti palibe, kalata ya kasitomala palibe. Zinandiwawa kuona kuti mayi amene wadyetsa anthu mazanamazana pamsonkhano popanda wodandaula alibe kapepala ngakhale kamodzi konena kuti anali iyeyo.

Za ndalama sindikubisirani. Malipiro ake ndi a madola, ndipo mukudziwa nokha mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza kubanki. Tonse sitingalembe nthawi imodzi. Maganizo anga ndi akuti tiyambe ndi CMP, chifukwa ntchito zathu zambiri ndi misonkhano ya mabungwe ndi matchalitchi, osati zionetsero zikuluzikulu. Tisankhe anthu awiri, thumba la gulu liwathandize, iwo asaine kuti adzaphunzitsa enafe zimene aphunzira. Ndikupempha kuti mmodzi mwa awiriwo akhale wachinyamata wozolowera kompyuta.

Pali china chimene sichifuna dola ngakhale imodzi. Chionetsero cha Malawi International Trade Fair chimene bungwe la amalonda ndi mafakitale la MCCCI limakonza pa Chichiri tisamangopitako kukaona katundu. Tipemphe chilolezo tikapiteko masiku omanga, tili ndi tepi m'manja. Tikayeze malo a woonetsa mmodzi, omwe pazionetsero zambiri amakhala mamita atatu mbali zonse, tikayeze njira zodutsa anthu, tikafunse amagetsi mmene amagawira mawaya. Maola 25 aja sangachokere pamenepo, koma mafunso a mayi wa CMP uja tidzayamba kuwayankha.

Pamsonkhano wathu wa mwezi wamawa aliyense abwere ndi kope lolembamo ntchito zonse zimene wagwira zaka zitatu zapitazi: tsiku, malo, chiwerengero cha anthu, ndi udindo umene anali nawo. Amene muli ndi malisiti akale kapena makalata oyamikira, bweretsani. Chitsanzo cha kontrakiti ya tsamba limodzi ndalemba kale, ndidzagawa tsiku lomwelo kuti tikonzere limodzi tisanavote za anthu awiri aja.