Galimoto ikaima miyezi, musathamangire kugula alteneta

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndilankhule ndi eni galimoto, komanso anzanga amene timadyera ntchito yokonza magetsi a galimoto. Ine ndimagwirira ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, ndipo imvi zandimerera pa ntchito imeneyi.

Masiku ano galimoto zambiri zikumaima nthawi yaitali. Ena anaimika atatopa ndi kugona pamizere ya mafuta. Ena akudikira sipeya yomwe mtengo wake unathawa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Ena ali ku Joni, galimoto anaisiya pansi pa mtengo wa mango kwa apongozi. Ngakhale yongofika kumene kuchokera ku Japan imakhala itaima kale: payadi kumeneko, milungu ingapo m'sitima, kenako padoko la Dar es Salaam isanadutse pa Songwe. Tsiku loti ailize, imangoti ke-ke-ke, mwinanso zii. Akaikankha kapena kubwereka moto kwa mnzawo imalira, koma kukacha yafanso. Pomwepo mlandu watha kale, akuti alteneta, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, yapita. Munthu amakataya ndalama zambiri pa alteneta ina, patatha masiku ochepa vuto lili pomwepo.

Pa galimoto zoterezi zomwe zimafika m'manja mwanga, nthawi zambiri alteneta imakhala ilibe mlandu. Chomwe chimadwala galimoto ikangokhala ndi batire.

Batire imatha moto payokha ngakhale musailumikize ku chilichonse, ndipo kukatentha imatha msanga. Wa ku Nsanje kapena ku Salima mu October amazidziwa bwino kuposa wa ku Dedza. Kuwonjezera apo, galimoto za masiku ano sizigona tulo tofa nato: kompyuta, wotchi, alamu ndi wailesi zimakoka kamoto pang'onopang'ono usana ndi usiku. Batire ikakhala yopanda moto kwa milungu yambiri, pazitsulo za mtovu za mkati mwake pamamera timiyala touma ta lead sulphate tomwe sitisungunukanso. Batire yotero mukaitchaja imaoneka ngati yadzaza, koma ndi kutunga madzi ndi dengu.

Choncho choyamba ndi kuchotsa batire n'kuitchaja pachaja, pang'onopang'ono, usiku wonse kapena kupitirira. Anthu ambiri amati, "ndingozungulira nayo tawuni idzaza yokha." Ayi. Ntchito ya alteneta ndi kubwezera kamoto kamene sitata yadya ndi kuyendetsa magetsi injini ikulira, osati kudzutsa batire yakufa. Mukaikakamiza imagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse kwa nthawi yaitali, imatentha, ma diode a mkati, tizipangizo tolola moto kudutsa mbali imodzi yokha, amatha kupsa. Apo ndiye alteneta imafadi, koma mwaipha ndinu.

Ikachoka pachaja muisiye maola angapo, kenako muyeze ndi mita yoyezera magetsi. Batire yodzaza imaonetsa 12.6V kapena pafupi. Ikaonetsa 12.2V ili theka, ikatsika pansi pa 12V ilibe kanthu. Mkati mwake muli zipinda 6, chilichonse cha 2.1V, ndiye ikangokakamira pa 10.5V ngakhale mwaitchaja, dziwani kuti chipinda chimodzi chafa ndipo palibe mankhwala ake. Yezaninso pamene wina akupotokola kiyi: isagwe pansi pa 9.6V sitata ikuzungulira. Ngati ndi batire ya zivindikiro, onani ngati madzi akuphimba zitsulo. Akachepa thiranimo madzi a batire ogula, osati a pampopi kapena a pamjigo, ndipo asidi musawonjezere ngakhale wina akuuzeni kuti amaipatsa mphamvu.

Mitu ya batire nayo imanamiza anthu ambiri. Kaufa koyera kapena kobiriwira kaja kamatseka njira ya moto. Soda wa kukhitchini ndi madzi ofunda amachotsa, kenako kupala ndi sandipepa n'kumanga zolimba. Tsatiraninso waya wakuda wa earth mpaka pamene wamangidwa pabodi ndi painjini. Galimoto yomwe yaima paudzu dzinja lonse imachita dzimbiri pamenepo.

Tsopano batire ili bwino, ndi nthawi yoti alteneta iyankhe mlandu wake. Tsegulani kiyi osaliza injini. Kanyali kofiira kojambulidwa batire kayenera kuyaka, injini ikalira kazime. Kakapanda kuyaka n'komwe musasangalale, chifukwa pa galimoto zina zakale moto woyambitsa alteneta umadutsa pa kababu kameneko, ndipo kakapsa alteneta yabwinobwino sitchaja. Onaninso fyuzi ndi kapulagi ka mawaya ang'onoang'ono kumbuyo kwa alteneta. Makoswe amakonda kumanga chisa m'boneti ya galimoto yoima, makamaka ikayandikana ndi matumba a chimanga, ndipo timawaya timeneti ndi tomwe amayamba kuteketa.

Injini ikulira, pamitu ya batire payenera kuoneka pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Yatsani nyali zazikulu ndi fani, pondani mafuta pang'ono, isagwe kwambiri. Ikapitirira 15V, regulator, kachipangizo koletsa alteneta kutulutsa moto wopitirira muyezo, yawonongeka ndipo ikuphika batire. Mudzamva fungo la mazira ovunda. Ikakhala pa 12V ndi kenakake, musafulumirebe. Ikani mita pabawuti ya waya wamkulu kumbuyo kwa alteneta. Ngati pamenepo pali 14V koma pabatire palibe, alteneta ikutulutsa moto koma sukufika: vuto ndi waya kapena fyuzi yaikulu. Lamba nayenso amauma, kung'aluka n'kumaterereka, ndipo amadziulula yekha ndi kulira kwa tswii m'mawa. Ngakhale vuto litapezeka mkati mwa alteneta, kawirikawiri amakhala mabulashi omwe akakamira ndi fumbi ndi chinyezi. Amenewo timatsegula n'kuyeretsa kapena kusintha, pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi alteneta yonse.

Chomwe chandilembetsa kalatayi makamaka ndi chizolowezi chozula mutu wa batire injini ikulira, ati kuona ngati izima. Anzanga, tisiye. Chinkatheka pa galimoto za makolo athu zopanda kompyuta. Batire ndiyo imameza moto ukadumpha mwadzidzidzi. Mukaichotsa, moto wodumphawo umakathera mu kompyuta ya injini, ndipo mtengo wa kompyuta tonse tikuudziwa. Komanso kuyeza kwake n'kwabodza, poti alteneta yofooka imatha kuyendetsa injini yokha koma osakwanitsa kutchaja batire nyali zikayaka. Mita yabwino siidula kuposa mafuta a ulendo wa ku Blantyre. Makaniko amene alibe mita ndiye akuyeza ndi galimoto ya mwini wake.

Tiyeneranso kuvomereza kuti galimoto zasintha. Zambiri zochokera ku Japan, makamaka zomwe zimazima zokha pamaloboti n'kuliranso, zili ndi kompyuta yomwe imalamula alteneta nthawi yotchaja ndi nthawi yopuma kuti mafuta asathe msanga. Mita imatha kuonetsa 12V ndi kenakake tsopano, kenako 14V, popanda chowonongeka. Yatsani nyali muone ngati ikwera. Galimoto zimenezi zili ndi mabatire akeake, olembedwa monga Q-85 kapena M-42, ndipo mukaikamo batire wamba sikhalitsa. Toyota Aqua ndi Prius zilibe alteneta n'komwe. Kabatire kake ka 12V, komwe mu Aqua kali pansi pa mpando wakumbuyo, kamatchajidwa kuchokera ku batire yaikulu yothandiza kuyendetsa galimoto, galimoto ikalemba READY. Mayi wina anafika kwa ine atauzidwa kwina kuti akonzekere ndalama ya alteneta ya Aqua. Ndinasowa poyambira.

Nanga zonse zikakhala bwino koma batire n'kumafabe usiku? Pali chikuba moto. Zimitsani zonse, tsekani zitseko, ikani mita pa ma amp pakati pa mutu wa negative ndi waya wake, dikirani mpaka theka la ola kuti makompyuta agone. Zikapitirira kwambiri 50 milliamp, zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala itagwa. Wakuba amene ndimamugwira kawirikawiri ndi wailesi. Za ku Japan zambiri zimathera pa 90 FM, ndiye anthu amasintha kapena kuika kachipangizo kowonjezera masiteshoni, woikayo n'kulumikiza pa waya wa moto wosazima. Alamu ndi tracker zoikidwa mwachisawawa zimatsatira. Mafyuzi onse akatha nambala osagwa, chotsani waya wamkulu wa alteneta, batire mutaimasula kaye, kenako lumikizaninso mita muyezenso. Nambala ikagwa pamenepo, diode ikudontha, ndipo apo ndiye ndingakuuzeni kuti tsitsani alteneta.

Kwa amene mukuimika galimoto kwa nthawi yaitali, masulani waya wa negative, ndipo wosunga nyumba azipita ndi batire kokatchaja kamodzi pamwezi. Kumuuza mwana kuti aziiliza mphindi zisanu m'mawa uliwonse sikuthandiza, chifukwa moto umene sitata imadya subwerera wonse m'kanthawi kochepa chotero, ndipo mafuta mukungowotcha. Mukabwera kwa ife ndipo tikakuuzani kuti alteneta yafa, tiuzeni tikuonetseni nambala zitatu pamita: injini ili chete, sitata ikuzungulira, ndi injini ikulira nyali zili zoyaka.

Ine wanu,
Wokonza magetsi a galimoto,
Biwi, Lilongwe