Kudinda n'kwina, kufalitsa buku n'kwina

A Mkonzi,

M'nyuzipepala yanu mawu oti "kusindikiza" mukuwagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana, ndipo alembi ongoyamba kumene akusokonezeka nazo. Pali mwini makina, amene amangodinda inki papepala akalipidwa. Ndiye pali wamalonda a mabuku: amasankha zolemba, amalipira wokonza zolakwika ndi wamakina uja kuchokera m'thumba mwake, kenako amagulitsa bukulo n'kumapatsa mlembi gawo lake. Likapanda kuyenda malonda, woluza ndi wamalondayo. Mawu a Chingelezi oti "publish" anachokera ku Chilatini "publicare", kutanthauza kutulutsira chinthu pagulu, za makina mulibemo. Tsono wouza mlembi kuti ayambe walipira, ameneyo ndi wodinda chabe. Bwanji muzilemba "kudinda" ponena za makina, "kufalitsa" ponena za malondawo?

Ine wowerenga wanu.