Kalata kwa mnzanga wa ku Reading

Wokondedwa mnzanga,

Kalata yako inandipeza Lachiwiri, ndipo ndaiwerenga katatu. Kachitatu ndinawerengera amayi mokweza, chifukwa sankakhulupirira kuti ukutha kulembabe Chichewa patatha zaka zinayi uli kwa azungu. Wandiuza kuti ndileke kuzengereza, ndibwere ku Reading ku Britain kudzachita digiri yachiwiri, ndipo sindikutsutsa kuti yunivesite imeneyo ndi yodziwika pa maphunziro a zaulimi. Komabe m'masamba atatu onsewo sunatchulepo mphunzitsi ngakhale mmodzi. Wangotama mabasi ofika pa nthawi yake ndi laibulale yosazima magetsi.

Ine chimene ndikufuna ndi munthu wondiyang'anira pa kafukufuku amene anagwirapo ndi manja ake nthaka yonga yathuyi. Pa zaka 6 zimene ndakhala mlangizi ndaona minda yothiridwa feteleza kawiri chimanga chikutulukabe chachikasu, pamene munda woyandikana nawo, umene chaka chatha munali soya ndi nandolo, wabiriwira mpaka kumalire. Funso langa lili pamenepo, ndipo dzina la sukulu, ngakhale litamveka bwanji, silingandiperekeze kumunda kukakumba dothi.

Za ndalama ukuzidziwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene tinkasunga ndi bambo a mwana zinangosungunuka, kotero kuti popanda sikolashipu palibe ulendo. Sikolashipu ya boma la Britain ya Chevening imafuna kuti munthu akhale atagwira ntchito zaka ziwiri, ndiponso kuti akamaliza abwerere kwawo kwa zaka zina ziwiri, ndipo zonsezi sizikundivuta. Chondivuta ndi mwana. A Chevening salipira za banja, ndipo kuyambira Januwale 2024 amene akudzilipirira masters ya m'kalasi saloledwa kupita ndi ana ku Britain. Dzulo ndinamuyang'ana akuphunzira kumanga zingwe za nsapato pakhonde, lilime ali nalo panja, ndipo ndinadzifunsa kuti chaka chathunthu adzaphunzira zingati ine kulibe.

N'chifukwa chake mtima ukukokera ku Pretoria. A Beit Trust amathandiza Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe kukaphunziranso ku South Africa, chaka cha maphunziro chimayamba mu Febuluwale, ndipo kutagwa zovuta kunyumba ndikhoza kukwera basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, n'kudzagona kwathu. Chofunika n'kutumiza kaye mapepala anga ku SAQA, bungwe loona za madigiri ku South Africa, kuti akaone kuti digiri yanga ikufanana ndi iti ya kumeneko. Ku Bunda sindinakutaye, popeza aphunzitsi akundidziwa ndipo minda yoyeserera ili pafupi, ngakhale mlamu wako akuti kubwerera komwe unaphunzira kale n'kulima munda womwewo zaka zonse. Achimwene ako nawo akhala kumbali yako, koma ndikuganiza kuti akungofuna wowabweretsera jekete.

Koma chimene chikundisowetsa tulo si Reading kapena Pretoria ayi, ndi kalata imodzi yondichitira umboni. Bwana wanga anavomera kulemba mwezi watha. Ndapitako kanayi. Ulendo woyamba anali kumsonkhano, wachiwiri kumaliro, wachitatu anandiuza kuti ndilembe ndekha iwo adzangosayina, ndipo nditalemba, wachinayi ndinapeza pepala langa lili pansi pa kapu ya tiyi, litadindidwa bwalo lofiirira pakati penipeni pa dzina langa. Ndinatuluka osanena kanthu, koma misozi inali pafupi. Zaka zonse zimene ndayenda pa njinga m'matope zingathere pa pepala limodzi limeneli? Tsiku lotsekera likuyandikira, ndipo usiku uliwonse ndimawerenga masiku otsala. 

Ngati ukundifuniradi zabwino, pita ku dipatimenti ya zaulimi ukandifunsire ngati alipo amene anachitapo kafukufuku wa mbewu za nyemba kuno kum'mwera kwa Africa, ndiponso ngati amalola wophunzira kudzatenga dothi kwawo. Akakhalapo woteroyo, mwina ndingalankhule ndi amayi za mwana, ngakhale kuti miyendo yawo masiku ano... Pepala landithera, ndipo kandulo nayo yatsala pang'ono.

Ndine mnzako wa kalekale.