Za wailesi ya mnansi wako

Bwanawe,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Johannesburg. Kuno tilipo, mvula yayamba ndipo tadzala kale. Uthenga wako ndinaulandira, ndipo ndinaseka mpaka misozi nditamva kuti wailesi ya mnansi wako ikukusowetsa tulo ngakhale wafinyira nsanza pansi pa chitseko. Wati poti ndimaphunzitsa sayansi ndikuuze phokosolo likulowera pati. Nsanzazo ukungozivutitsa, aise. Phokosolo likudutsa m'khoma mwenimwenimo.

Ukukumbukira tili ana ku Balaka, tikugona chafufumimba n'kugunditsa khutu pa njanji? Sitima isanaoneke, ngakhale kulira kwake kusanatifike, chitsulo chinkakhala chitayamba kale kung'ung'uza. Amayi akanadziwa, bwenzi titalawa chikoti tonse awiri.

Ana a sukulu ambiri amaganiza kuti phokoso limanyamuka apa n'kukagwa apo ngati mwala wa legeni. Ine ndimawakumbutsa za mabogi. Injini ikagunda bogi yoyamba, umamva "gu, gu, gu" akuthamanga mpaka kumchira kwa sitima, chonsecho bogi iliyonse yangosendera pang'ono pokha. Chimene chayenda ndi kukankhanako. Sipika imachitanso zomwezo. Ikatukumukira kutsogolo imapanikiza mpweya umene yagundana nawo, ikabwerera mpweyawo umamasuka. Wopanikizidwawo umakankha woyandikana nawo, nawonso n'kukankha wina, mpaka kukafika m'khutu mwako. Panyanja bwato limakwera n'kutsika pamene funde likulowera kugombe, koma m'mafunde a phokoso tinthu ting'onoting'ono ta mpweya timangopita kutsogolo n'kubwerera, motsata njira yomwe fundelo likulowera.

Ndiye popanda chokankhana, phokoso palibe. Wasayansi wina, Robert Boyle, anaonetsa zimenezi mu 1660. Anapachika wotchi m'chibotolo chagalasi n'kupopa mpweya kuutulutsa, ndipo kugunda kwa wotchiyo kunazilala mpaka osamvekanso.

Tsono liwiro lake ndi limene limandisangalatsa. Mumpweya phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. N'chifukwa chake mphezi ikang'anima, ukawerenga masekondi atatu bingu lisanagunde, ndiye kuti yagwa pamtunda wa kilomita imodzi. Mwana wanga wamkazi masiku ano amakhala pakhonde kuwerenga, mantha onse anatha. M'madzi liwiro limafika mamita pafupifupi 1,480 pa sekondi. Asayansi awiri, Daniel Colladon ndi Charles Sturm, anayeza liwiro la m'madzi mu 1826 pa nyanja ya Geneva ku Switzerland: wina ankaliza belu pansi pa madzi nthawi imodzimodzi ndi kuyatsa wonga, mnzake ali patali m'bwato lina akumvetsera ndi chitoliro chomiza m'madzi. M'chitsulo ndiye limapitirira mamita 5,000 pa sekondi. Ana amadabwa, amati chinthu cholemera chonchija chingapose bwanji mpweya? Nkhani yagona pa kulimba. Chitsulo sichilola kufinyika, ukachikankha kuno chimapatsira msangamsanga, pomwe mpweya umayamba wafinyika kaye ngati pilo. Njanji ija inkatiuza za sitima msanga chifukwanso phokoso limatsata chitsulocho osamwazikira mbali zonse monga limachitira pabwalo.

Tibwerere kwa mnansi wako. Ndikutsimikiza kuti mawu a woimba sukuwamva bwino, chimene chikukufika ndi "du, du, du" wa besi. Khoma ndi lolemera, sililola kunjenjemera mofulumira, choncho mawu ang'onoang'ono okwera amathera pomwepo. Mabesi amanjenjemera pang'onopang'ono, amaligwedeza khoma lonse, ndipo khomalo limasanduka sipika ya kuchipinda kwako. Ngati sipika yake yakhala pasimenti kapena yatsamira khoma, ndiye basi, kunjenjemerako kukulowa m'nyumba mwachindunji, kudutsa pansi, kukwera m'miyendo ya bedi mpaka pa pilo.

Sendeza bedi lisagunde khoma, ndipo pansi pa miyendo yake uikepo zidutswa za tayala. Kenako kagogode kwa mnzakoyo mwaulemu, umupemphe achotse sipikayo pakhoma n'kuikhazika pa siponji yokhuthala. Osayamba ndi ukali, uli kwa eni. Ukamutengera kachakumwa kozizira nkhani idzayenda bwino.

Undiuze mmene zithere. Mlamu wako akupereka moni, akuti ukamabwera pa Khirisimasi usaiwale bulangete lija unalonjeza.

Ndine mnzako wa pa njanji.